Kutuluka m'Khoti Si Kutha kwa Mlandu

Munthu akapezeka wolakwa pa mlandu wa nkhanza za m'banja, si nthawi zonse pamene khoti limamutumiza kundende tsiku lomwelo. Woweruza akhoza kugamula miyezi kapena zaka za ukaidi koma n'kuziimika. Akhozanso kumupereka wolakwayo m'manja mwa ofesala woti azimuyang'anira, zimene a zamalamulo amazitcha probation, kapena kumulamula kuti azikagwira ntchito yothandiza anthu pachipatala, pasukulu kapena pabwalo la milandu lomwelo uku akugona kwawo. M'mabuku a malamulo njira zitatuzi n'zosiyana, koma mtima wake ndi umodzi: wolakwa wasiyidwa panja pa mfundo zimene khoti laika, ndipo akaphwanya mfundozo, chilango chimene anachipewa chija chimamupeza.

Achinyamata ambiri samvetsa zimenezi. Mnyamata amatuluka m'khoti abale ake akululutira, akafika pamsika n'kumauza anzake kuti amumasula, ena mpaka amati awina mlandu. Sanawine. Dzina lake lalembedwa m'kaundula wa olakwa, zidindo za zala zake zili kupolisi, ndipo ukaidi wake wangoikidwa pambali, ukumudikira. Mlandu suwola, ndipo wamtundu umenewu umakhala wamoyo mpaka tsiku lomaliza limene woweruza anatchula.

Ku Malawi, womenya mkazi wake kapena mwamuna wake amazengedwa mlandu pa malamulo a Penal Code, monga mmene angazengedwere atamenya mlendo wodutsa pamsewu. Kumenya wamba chilango chake chimafika chaka chimodzi, kumenya movulaza chimafika zaka zisanu, ndipo kuvulaza koopsa, monga kuthyola fupa kapena kuwononga diso, chimafika zaka 14. Pambali pa zimenezi pali lamulo la Prevention of Domestic Violence Act la 2006, limene linatambasula tanthauzo la nkhanza kuti si zibakera zokha. Kukakamiza kugonana, kuopseza, kunyoza kosalekeza ndi kumana banja ndalama mwadala zonse zili m'gulu la nkhanza. Lamuloli limapatsa khoti mphamvu zoteteza wochitiridwa nkhanza m'njira zitatu: kuletsa wankhanza kumuyandikira kapena kumuvutitsa, kupereka nyumba kwa wodandaula kuti azikhalamo popanda wankhanzayo, ndiponso kusamutsira m'dzina la wodandaula nyumba ya lendi. Choncho mnyamata wopezeka wolakwa akhoza kutuluka m'khoti atamangidwa ndi zingwe ziwiri, china cha chilango chake choimikidwa, china cha lamulo loteteza mkazi wake. Chilichonse chili ndi zotsatira zake akachidula.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa chiwerengero ndi umoyo wa anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse amene anakwatiwapo m'Malawi muno, 42 anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya zomenyedwa, zogonana kapena zozunzidwa m'maganizo. Pali amuna amene amamenyedwanso ndi akazi awo, ndipo lamulo silisankha, koma ochuluka mwa oimirira m'khoti pa milanduyi ndi amuna, ambiri a iwo achichepere.

Nanga khoti limamusiyiranji panja munthu woti lamupeza wolakwa? Lamulo la kazengedwe ka milandu, Criminal Procedure and Evidence Code, pa gawo 340 limati munthu amene walakwa koyamba asafulumire kutumizidwa kundende pokhapokha ngati palibe njira ina yoyenera, ndipo gawo 339 limalola woweruza kuimika chilango kwa nthawi yosapitirira zaka zitatu, pa mfundo za khalidwe labwino, kupereka chipepeso, kapena china chilichonse chimene angaone kuti n'chofunika. Palinso kudzaza kwa ndende. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, khoti lomasulira malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi m'ndende za m'dziko muno n'kuphwanya ufulu wawo. Woweruza amene akudziwa mmene anthu amagonera ku Chichiri, ku Maula kapena ku Zomba amaganiza kawiri asanawonjezeko mnyamata wa zaka 23 amene ali ndi ana awiri oyembekezera ufa kwa iye.

Ganizo lopatsa wolakwa mwayi woyesedwa panja linayamba kalekale. Mu 1841, John Augustus, wosoka nsapato wa ku Boston, anapempha khoti kuti limupatse chidakwa china akachisunge yekha, ndipo atabwera nacho chitasinthika, khoti linangochilipiritsa kandalama kochepa. Dziko la England linaika njirayi m'malamulo mu 1907, ndipo kuno inafika m'nthawi ya atsamunda kudzera m'lamulo la Probation of Offenders Act. Kuyambira pachiyambi pomwe inali pangano: khoti likukhulupirira munthu, munthuyo n'kusonyeza kuti anali woyenera kumukhulupirira.

Mfundo za panganoli zimasiyana mlandu ndi mlandu. Yosasowa ndi yoti asapalamulenso mlandu, makamaka wofanana ndi woyambawo, m'nthawi imene yatchulidwa. Woikidwa pa probation amayenera kukaonekera kwa ofesala wake, amene kuno nthawi zambiri amakhala wa ku ofesi ya Social Welfare ya pa boma, ndi kumudziwitsa akafuna kusamuka. Wogwira ntchito yothandiza anthu ali ndi maola ake owerengedwa, ndipo woyang'anira pamalopo amalemba tsiku lililonse limene wabwera ndi limene wajomba. Ena amalamulidwa kupereka chipepeso pofika tsiku lakutilakuti, ena kupita ku uphungu, ena kusafika panyumba ya wodandaula kapena kuntchito kwake. Chinthu choyamba chimene wachinyamata woganiza bwino ayenera kuchita asanachoke pabwalo la milandu ndi kumva mfundo iliyonse m'chilankhulo chake. Womasulira alipo, kalaliki wa khoti alipo, ndipo kufunsa si mlandu. Mawu oti "sindinamve bwino" amene munthu amawanena patapita miyezi isanu ndi umodzi sakhala ndi mphamvu pamaso pa woweruza.

Kuphwanya panganoli kuli pawiri. Koyamba ndi kupalamulanso: kumenyanso, kuopseza ndi chikwanje, kuswa zitseko, kutentha zovala za mkazi. Kwachiwiri ndi kunyozera mfundo popanda kukhudza munthu aliyense: kujomba kwa ofesala, kusiya ntchito ija ili pakati, kukwera basi ya ku Joni osatsanzika, kulephera kupereka chipepeso mwadala. Achinyamata amaopa koyambako koma kwachiwiriko amakuyesa kwachabe, pamene nakonso kumatsekeretsa. Ofesala kapena wodandaula akakanena, khoti limatulutsa chisamani kapena chikalata chomumangira, ndipo munthu amene ankayenda momasuka amapezeka ali m'chitokosi. Malamulo oyendetsera dziko amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, koma belo ya munthu amene waphwanya kale lamulo la khoti imavuta, chifukwa chimene woweruza amayang'ana pa belo ndi kukhulupirika, ndipo kukhulupirikako n'kumene kwatayika.

Pa tsikulo khoti silizenganso mlandu woyamba uja. Funso loti anamenyadi kapena ayi linatha kale. Limene latsala ndi loti waphwanya mfundo kapena sanaphwanye, ndipo ngati waphwanya, anali ndi chifukwa chomveka kapena ayi. Amapatsidwa mpata wodziteteza, ndipo pa zolakwa zazing'ono khoti likhoza kumuchenjeza n'kulola kuti apitirize. Koma likaona kuti wachita mwadala, woikidwa pa probation amagamulidwa pa mlandu wakale uja ngati kuti wangopezeka wolakwa kumene, wothawa ntchito yothandiza anthu amatumizidwa kundende imene ntchitoyo inalowa m'malo mwake, ndipo wa chilango choimikidwa amakayamba kuchigwira.

Masamu ake ndi awa, ndipo ambiri amawadziwa mochedwa. Tiyerekeze kuti mnyamata wagamulidwa miyezi 12 ya ukaidi, yoimikidwa kwa miyezi 24. Wakhala bwinobwino miyezi 20, ndipo m'mwezi wa 21 waledzera n'kumenyanso mkazi wake. Iye amaganiza kuti kwangotsala miyezi itatu kapena inayi. Ayi. Miyezi 24 ija sinali ukaidi, inali nthawi yomuyesa, ndipo khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti akagwire miyezi 12 yonse. Pamwamba pa imeneyo pali chilango cha kumenya kwatsopanoku, ndipo tsopano sakuimanso ngati wolakwa koyamba. Chifundo cha gawo 340 chinamuthera tsiku loyamba lija. Woimira boma pamlandu amangoimirira n'kuwerenga mbiri yake, ndipo zilango ziwirizo zikhoza kugwiridwa motsatizana, china chikatha china n'kuyamba. Ngati panalinso lamulo loteteza mkaziyo, kuliphwanya ndi mlandu wachitatu woima paokha.

Msampha umene umakola ambiri si ukali ayi, ndi kuyanjana. Mwa chikhalidwe chathu, banja likasokonekera ankhoswe amakhala pansi, wolakwa amapepesa, mwina nkhuku imaphedwa, ndipo aliyense amabwerera kwawo akuti nkhani yatha. Mipingo nayonso imalimbikitsa kukhululukirana. Zonsezi zili ndi malo ake ndipo zamanga mabanja ambiri. Koma lamulo la khoti silichotsedwa ndi ankhoswe, silichotsedwa ndi nyakwawa, silichotsedwa ndi abusa kapena shehe, ndipo ngakhale mkazi mwiniwake sangalichotse ndi pakamwa. Mlandu wa kumenya ndi wa boma, n'chifukwa chake papepala amalemba kuti Republic ikutsutsana ndi uje, osati mkazi akutsutsana ndi mwamuna wake. Lamulo loletsa kuyandikira linaperekedwa kwa mwamunayo, ndipo iye yekha ndiye angaliphwanye. Mkazi akaimba foni usiku kuti mwana watentha thupi, bwerani, mwamuna n'kupita n'kugona konko, wophwanya lamulo ndi mwamunayo. Masabata awiri akhoza kudutsa mwamtendere. Tsiku limene adzakangane za ndalama ya ndiwo, oyandikana nawo n'kuitana apolisi, funso loyamba lidzakhala loti akufunanji panyumba imene analetsedwa kufikapo.

Njira yake ilipo, ndipo si yovuta. Ngati awiriwo agwirizanadi zobwererana, apite kukhoti limene linapereka lamulolo akapemphe kuti lisinthidwe kapena lichotsedwe. Woweruza adzafuna kumva kwa mkaziyo payekha kuti aone ngati akulankhula za kumtima kwake kapena wapanikizidwa ndi apongozi ndi njala. Kufikira khoti litalankhula, lamulo likadalipo. Nkhoswe yanzeru masiku ano ndi imene imati ikamaliza kuyanjanitsa, imaperekeza ana akewo kukhoti.

Foni nayo yagwetsa ambiri. Kuyandikira sikutanthauza mapazi okha. Uthenga wa pa WhatsApp, kufulasha pakati pa usiku, kulemba zonyoza pa Facebook, kutuma mlongo kapena mnzake kuti akanene mawu, zonsezi khoti likhoza kuziona ngati kumuvutitsa wodandaula ngati lamulo linaletsa kulumikizana naye. Ndipo foni imasunga umboni kuposa mboni ya maso, chifukwa imalemba tsiku ndi ola. Ngakhale uthenga wopepesa, wolembedwa munthu akulira, umawerengedwa m'khoti ngati kuphwanya lamulo. Choipitsitsa ndi kunyengerera kapena kuopseza mkazi kuti akathetse mlandu, poti kusokoneza mboni ndi mlandu winanso.

Nkhani ya ana imapweteka, ndipo n'zomveka kuti bambo amafuna kuona ana ake. Koma kukawadikirira pageti ya sukulu kapena kuwatenga osauza mayi awo si njira. Khoti likhoza kukonza tsiku, malo ndi munthu wapakati, kaya agogo kapena azakhali, woti azibweretsa anawo. Ndalama zothandizira ana nazonso zipite m'njira imene khoti lavomereza, ndipo umboni wake usungidwe. Amene anali pachikamwini ndiye amavutika kwambiri, chifukwa munda, njinga ndi zovala zimatsala kwa akazi. Katundu wotere akatengedwe ndi nkhoswe kapena pamaso pa apolisi, osati kulowa m'mudzi madzulo poganiza kuti palibe amene aone.

Za mowa sizifuna mawu ambiri. Munthu amene anamenya ataledzera, n'kupitiriza kumwa kachasu pamalo omwewo ndi anzake omwewo, wayamba kale ulendo wobwerera kukhoti. Kuledzera kodzifunira sikupulumutsa munthu pa mlandu womenya.

Pali kulephera kwina kosachita kufuna. Munthu amadwala, maliro amagwa, mlatho umakokoloka, ganyu imasowa ndipo chipepeso chimakanika. Makhoti amasiyanitsa wolephera ndi wonyozera, koma amasiyanitsa pa umboni. Wodwala asunge buku lake la kuchipatala, woferedwa atenge kalata kwa mfumu, ndipo onse adziwitse ofesala tsiku lisanafike, osati litadutsa. Wosowa ndalama apereke kochepa kamene ali nako n'kupempha khoti kuti limuwonjezere nthawi. Wopanda loya akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, kapena kufunsa alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende, mapolisi ndi makhoti. Chimene chimawononga zonse ndi kubisala. Wojomba kamodzi amachita mantha, mantha aja amamujombetsa kachiwiri, ndipo pofika kachitatu chikalata chomumangira chatuluka, pamene akanapita yekha tsiku loyamba akanangodzudzulidwa. Chikalatacho sichitha mphamvu chifukwa munthu wathawira ku Mchinji kapena ku Tete. Chimamudikira mpaka adzabwere kumaliro.

Achinyamata amene ali kunja kwa dziko ayenera kusamala koposa, chifukwa kumeneko pa ndende amawonjezerapo kuthamangitsidwa. Ku South Africa, lamulo la Domestic Violence Act la 1998 limati khoti likapereka lamulo loteteza, litulutsirenso limodzi chikalata chomangira wankhanzayo, chimene chimangosungidwa. Wodandaula akakalumbira kupolisi kuti lamulo laphwanyidwa, chikalatacho chimayamba kugwira ntchito, ndipo chilango chake chimafika zaka zisanu kwa wophwanya koyamba. Kumeneko chilango chikhoza kuimikidwa mpaka zaka zisanu. Mlendo wopanda mapepala akamaliza ukaidi, njira yake imadzera kumalo osungira alendo obwezedwa kwawo a Lindela n'kuthera pachipata cha Mwanza, katundu yense atatsala ku Johannesburg. Ku Zambia nako, lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la 2011 limapereka malamulo oteteza, ndipo kuyambira 2016 kuli makhoti apadera ozenga milanduyi mwachangu, amene anayambira ku Kabwe ndi ku Lusaka.

Ku England, munthu wa chilango choimikidwa akaphwanya mfundo, lamulo limauza woweruza kuti amutumize kundende pokhapokha ngati kutero kungakhale kupanda chilungamo. Kuphwanya lamulo loletsa kuyandikira kumafika zaka zisanu, ndipo pa lamulo la UK Borders Act la 2007, mlendo wogamulidwa ukaidi wa miyezi 12 kapena kuposerapo amayenera kubwezedwa kwawo, kupatula pa zifukwa zochepa. Ku America probation ndi yofala kwambiri pa milandu imeneyi, ndipo mfundo zake n'zolemera. Ku California, mwachitsanzo, wolakwa amayang'aniridwa kwa miyezi yosachepera 36 ndipo amayenera kuphunzira za kuleka nkhanza kwa masabata 52. Khoti lalikulu la America linagamula mu 1973, pa mlandu wa Gagnon v. Scarpelli, kuti munthu asachotsedwe pa probation asanamvedwe, ndipo mu 1983, pa mlandu wa Bearden v. Georgia, linati wolephera kulipira chifukwa cha umphawi weniweni asatsekeredwe popanda kufufuza chifukwa chake. Komabe pa kumvedwa kumeneko woweruza amagamula yekha, ndipo m'madera ambiri umboni wofunika ndi wopepuka kuposa wa pa mlandu weniweni: zimakwanira kuti zioneke kuti mwina anaphwanyadi kuposa kuti sanaphwanye. Kuyambira 1996 wopezeka wolakwa pa nkhanza za m'banja saloledwa kusunga mfuti, ndipo mlendo, ngakhale wokhala ndi green card, akhoza kuthamangitsidwa chifukwa cha mlanduwo kapena chifukwa chophwanya lamulo loteteza.

Ukaidi ukatha, mbiri imatsala. Olemba ntchito ambiri ndi maofesi opereka viza amafuna kalata ya kupolisi yosonyeza mbiri ya munthu, ndipo pamenepo pali kusiyana pakati pa amene analakwa kamodzi n'kusunga pangano lake mpaka kumapeto ndi amene khoti linamupatsa mwayi iye n'kuutaya. Pa mlandu wothetsa banja kapena wolimbirana ana, woweruza amayang'ananso zomwezo. Ntchito imene munthu anali nayo simudikira miyezi 12, munda sulimidwa, ndipo ana amakula akudziwa kumene bambo awo ali.

Pali mawu amene amamveka m'midzi ndi m'matauni omwe, oti mkazi wamangitsa mwamuna wake. Mawu amenewa ndi olakwika ndipo apweteketsa amayi ambiri. Mwamuna amamangidwa ndi dzanja lake limene analikweza, ndiponso ndi lamulo limene analimva m'khoti n'kulinyoza. Mtsikana amene mwamuna wake waphwanya lamulo loteteza asadikire kuti aone ngati zibwerezedwe. Nthawi imene mkazi wachoka kapena wakadandaula ndi imene ngozi imakula, ndipo mwamuna amene sakuopa woweruza sangaope misozi. Apite ku Victim Support Unit ya papolisi yapafupi ndi pepala lake la kukhoti, asunge mauthenga a pafoni, ndipo ngati wavulala akapimidwe kuchipatala tsiku lomwelo kuti lipoti lilembedwe mabala asanapole. Abale amene amamuuza kuti banja ndi kupirira adziwe kuti akumubweza m'nyumba imene khoti linaiona kale kuti ndi yoopsa.

Kwa mnyamata amene khoti lamusiya panja, zofunika kuchita n'zowerengeka: asunge pepala la chigamulo pamalo abwino, alembe tsiku limene nthawi yake idzathe, afike kulikonse kumene waitanidwa, ndipo chilichonse chimene akufuna kuti chisinthe akachipemphe kukhoti limene linachilamula. Makolo ndi ankhoswe ake amuthandize kuwerenga masikuwo, asamuthandize kuwazemba.